Bambo João de Deus Kamtedza ndi Mpingo umene unawagwira mkono

Pamene Bambo João de Deus Kamtedza anabadwa ku Angónia m'chaka cha 1930, Ajezuwiti amene anayamba mishoni ya Lifidzi mu 1909 anali atachoka kalekale, pakuti boma latsopano la Portugal linawapirikitsa mu 1910. Anabweranso mu 1941, Papa ndi boma la Portugal atasainirana pangano la 1940. Mwa pangano limeneli boma linkapereka ndalama ku mamishoni, ndipo maphunziro a ana a anthu akuda anaikidwa m'manja mwa ansembe. Chithandizocho chinamanga masukulu ndi nyumba zambiri, koma chinamangiriranso Mpingo ku boma la atsamunda, ndipo mfundo yakeyo inavuta kumasula pambuyo pake.

Mnyamata wa ku Angóniayu analowa m'chipani cha Ajezuwiti, nakaphunzira zaka zambiri ku Ulaya. Anadzozedwa unsembe ku Lifidzi mu 1964, patangopita zaka 2 chikhazikitsireni dayosizi ya Tete. Sichinali chinthu chaching'ono masiku amenewo kuti Angoni amve Mthenga Wabwino kuchokera pa guwa m'kamwa mwa mwana wa kwao, wodziwa miyambi yao ndi maliro ao, wosasowa womasulira. Zaka 21 za unsembe wao anazithera pakati pa anthu a mtundu wao.

Ufulu utabwera mu 1975, boma linatenga masukulu ndi zipatala za mamishoni, ndipo ansembe ambiri ndi asisitere anachoka m'dziko. Chuma chimene mishoni inkadalira chinatha ngati mame. Pamsonkhano waukulu wa Mpingo umene unachitikira ku Beira mu 1977, aepiskopi, ansembe ndi akhristu anagwirizana kuti Mpingo ukhazikike pa timagulu ta akhristu m'midzi, aliyense ndi udindo wake: wina wotsogolera mapemphero a Lamulungu, wina wophunzitsa katekisimu, wina woyendera odwala, wina woika maliro. Tsono wansembe anasanduka mlendo woyenda mudzi ndi mudzi, wodya nsima imene amayi a pamudzipo aphika, wogona pamene eni mudzi amuyalira mphasa. Akhristu amene kale ankapita ku mishoni kukalandira, tsopano ndiwo ankasunga wansembe wao. Ena amati zaka zimenezi zinali za kugwa kwa Mpingo, koma ndi m'zaka zomwezi m'mene akhristu a ku Angónia anayamba kuuyesa Mpingowo waowao.

Atatulutsidwa m'nyumba za mishoni ya Lifidzi, Ajezuwiti anakakhala ku Chapotera, pafupi pomwepo. Kumeneko Bambo Kamtedza anakhala pamodzi ndi Bambo Sílvio Alves Moreira, Mpwitikizi wobadwa mu 1941. Nkhondo inali itafika m'chigawocho, anthu ambirimbiri akuthawira ku Malawi. Malire sanali patali, komabe ansembe awiriwa sanafune kusiya nkhosa zao, ndiponso sanakhale chete pa nkhanza zimene anthu wamba ankachitiridwa.

Usiku wa pa 30 Okutobala 1985 anthu onyamula mfuti anawatenga m'nyumba mwao nakawapha. Mitembo yao inapezeka patapita masiku angapo. M'chaka cha 2021 Ambuye Diamantino Antunes, Episkopi wa Tete, anatsegula ntchito yofufuza za moyo ndi imfa ya ansembe awiriwa, kuti Mpingo udzaweruze ngati angatchedwe Odala, ndipo ena mwa amene ankapemphera nao m'midzi muja anaitanidwa kukachitira umboni.