Mbiri ya kudwazika matenda a mgonagona ku Chitungwiza

Mwambo wodwazika matenda pakhomo ku Chitungwiza udakula limodzi ndi tawuniyo, yomwe idakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza malokeshoni a St Mary's, Zengeza ndi Seke, kum'mwera kwa Harare. M'malokeshoniwa munkakhala anthu akuda ogwira ntchito mumzinda wa Salisbury (dzina lakale la Harare), ndipo ena mwa iwo anali ochokera ku Nyasaland, omwe adachuluka m'nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963. Popeza abale awo adatsalira kumudzi, matenda akalowa m'nyumba ankadalira anzawo a kumpingo ndi magulu othandizana pa maliro. Maguluwa adayamba chifukwa maliro n'kulirana, koma sankadikira imfa. Mamembala ankasonkha ndalama, amayi a Mvano n'kumasinthana kukazonda wodwala, kumuphikira phala ndi kumuchapira.

Mwambowu udasintha kwambiri Edzi itafika. Munthu woyamba kupezeka ndi matendawa ku Zimbabwe adalengezedwa mu 1985, ndipo pofika m'ma 1990 zipatala zidadzaza moti odwala ambiri ankabwezedwa kunyumba. Apa kudwazika kudasanduka ntchito yofunika kuiphunzira. Mipingo ndi mabungwe monga Island Hospice, lomwe lidayamba ku Harare mu 1979, adaphunzitsa anthu ongodzipereka, makamaka amayi, kutembenuza wodwala pafupipafupi kuti asatuluke zilonda, kumusambitsa ali chigonere ndi kumumwetsa madzi a mchere ndi shuga akatsegula m'mimba. Boma litayamba kupereka mankhwala a ARV mu 2004, ambiri adadzuka pamphasa, ndipo ntchito ya odwazika idatembenukira pa kuthandiza munthu kukhala ndi matenda osachiritsika kwa zaka zambiri.

Pamenepo mpomwe zidaoneka poyera kuti wodwala nthawi yaitali amavutikanso mumtima. Mu 2006 dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, adayambitsa Friendship Bench ku Mbare, mumzinda wa Harare. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi yamatabwa panja pa chipatala chaching'ono, n'kumvetsera munthu akufotokoza zomwe zikumusowetsa tulo. Kenako amamuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo ndi kupeza yekha njira yolithetsera. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 adaonetsa kuti njirayi imachepetsa nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo mabenchi adafikanso m'zipatala za ku Chitungwiza ndi Gweru.

Luso lonseli likufunika lero pa matenda a ubongo ndi mitsempha monga multiple sclerosis, omwe dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, adawafotokoza mu 1868. Pa matendawa chitetezo cha m'thupi chimawononga chikuto cha mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana, choncho uthenga umayenda movutikira. Mu 2020 anthu pafupifupi 2.8 miliyoni padziko lonse anali nawo. Kum'mwera kwa Africa sapezeka kawirikawiri, komanso kuwatsimikiza kumafuna makina a MRI, omwe ndi ochepa.

Chizindikiro chofala kwambiri ndi kutopa kosatha ngakhale munthu atagona usiku wonse, ndipo kumanyanya kukatentha. Popeza bala silioneka, apabanja amafulumira kumunena wodwala kuti ndi waulesi kapena walodzedwa. Odwala pafupifupi theka amadwalapo matenda a kukhumudwa pamoyo wawo, ndipo ena amalira kapena kuseka mwadzidzidzi popanda chifukwa, poti mitsempha yoletsa zimenezi yavulala. Wodwazika wozindikira amakonza tsiku molingana ndi mphamvu za wodwalayo. Ntchito zolemetsa zimagwiridwa m'mamawa kusanatenthe, wodwala amaphika kapena kuchapa atakhala pampando, ndipo amapuma asanathedwe mphamvu. M'tawuni ngati Chitungwiza, yomwe imadalira madzi ochokera ku Harare ndipo mipopi imauma masiku ambiri, kuima pamzere wa pamjigo ndi kusenza ndowa ndi ntchito zoyamba kumulandira wodwalayo.

Zomwe Chitungwiza idaphunzira pa zaka zonsezi n'zakuti chipatala chimapima ndi kupereka mankhwala, koma chisamaliro cha tsiku ndi tsiku chimachokera pakhomo, kumpingo ndi kwa anansi. Wodwazika wa makono ayenera kudziwa kusamala thupi ndi maganizo pamodzi, ndipo nayenso amafunika wina womupumuza.