Mbiri ya Ububa ku Kacholola

Kacholola ali pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, pakati pa mlato wa Luangwa ndi Nyimba. M'midzi ya Ansenga a dziko limeneli anthu akhala akubzala kuyambira kale citsamba cina dzina lace ububa, cimene Aceŵa a ku Malaŵi amati mthuthu. Cimatalika kufikira mapazi 10, masamba ace ndi aubweya, ndipo maluŵa ace ndi oyera kapena ofiirira.

Makolo anali kuusamala ububa cifukwa ca nsomba. M'malimwe, mitsinje itaphwa ndi kutsala maiŵe okha, anthu anali kusinja masamba ace ndi kuwavundulira m'madzi. Posacedwa nsomba zinali kuyandama zitaledzera, ndipo mudzi wonse unali kutola ndiwo. Madzi a masamba omwewo anali kusambitsira agalu a nkhupakupa, ndi kucapira mphere ndi nsabwe.

Azungu anacidziŵa citsambaci mocedwa. Theodor Vogel, Mjeremani wophunzira za zomera, anatsagana ndi ulendo wa Angerezi wa ku mtsinje wa Niger, namwalira pa cisumbu ca Fernando Po mu 1841. Mu 1849 Joseph Hooker anapatsa ububa dzina lakuti Tephrosia vogelii pokumbukira iyeyo.

Koma usodzi wotere unali kupha ndi tiana ta nsomba tomwe. Cifukwa cace Boma linaletsa kuthira mankhwala m'madzi, ndipo lamulo la nsomba la 2011 liletsabe zimenezi. Ububa sunatayike, pakuti unapeza nchito yina. M'zaka za m'ma 1990, feteleza atakwera mtengo, akatswiri a ICRAF pa Msekera, kufupi ndi Chipata, anaonetsa alimi kuti munda woguga ukagonera zaka ziŵiri uli ndi ububa, cimanga cimabalanso bwino, popeza mizu ndi masamba ace zibwezera cakudya m'nthaka.

Kasamalidwe kace si kobvuta. Mbeu ayamba aziviika m'madzi, nazibzala ndi mvula yoyamba. Pamene zikali zazing'ono zifuna kupalira, ndipo m'cilimwe zifuna kulambulira kuti moto wa lupsa usafike. Citsambaci cimakalamba patapita zaka zoŵerengeka, motero mwini asunga nyemba zace zakupsa. Pamene panali ububa sayenera kubzalapo fodya kapena matimati, cifukwa tinyongolotsi ta m'mizu yace timagwiranso mbeu zimenezi.

Mu 2012 ophunzira ena, atayesa zitsamba za ku Malaŵi, analengeza kuti ububa uli mitundu iŵiri yofanana maonekedwe: wina uli ndi ululu wakupha tizirombo, wina ulibe. Pafupifupi cimodzi pa zitsamba zinai zilizonse cinali copanda ululu. Kucokera pamenepo mlimi wocenjera satola mbeu paliponse ai, koma apempha kwa mnansi amene ububa wace udziŵika kuti umapha anankafumbwe m'nkhokwe.