Kuchokera ku Jakaranda Kufika ku Bulugamu: Mbiri ya Mitengo Yachilendo ku Pretoria

Mu mwezi wa Okutobala misewu ya Pretoria imavala maluwa a jakaranda, ndipo ambiri amaganiza kuti mtengowu ndi wakomweko. Koma kwawo n'ku South America. Mbiri imati mu 1888 J.D. Celliers anadzala mbande ziwiri pakhomo pake ku Sunnyside, ndipo pambuyo pake akuluakulu a mzinda anaindanditsa m'misewu. Mu 2001, patatha zaka 113, boma linaika jakaranda m'gulu la zomera zolanda malo ndi kuletsa kudzala ina yatsopano. Malamulo a 2014 anaichitira chifundo ya m'matauni.

Akale anati mlendo ndi mame, koma mtengo wachilendo sukamuka dzuwa likatuluka. M'zaka za m'ma 1800 atsamunda anabweretsa wattle ndi bulugamu kuchokera ku Australia. Wattle ankafuna makungwa ake pofufuta zikopa; bulugamu ankachirikizira migodi. Mitengoyi inathawa m'minda n'kukamera m'mbali mwa mitsinje. Kafukufuku amene anayamba ku Jonkershoek mu 1935 anaonetsa kuti nkhalango zodzala zimachepetsa madzi a m'mitsinje, motero kuyambira 1972 wofuna kudzala nkhalango anayenera kupempha chilolezo. Mu 1995 nduna Kader Asmal inakhazikitsa Working for Water, ntchito yolemba anthu osauka kuti adule zimene ena anadzala. Nafenso kwathu tikuidziwa nkhaniyi: paini wa ku Mexico wodzalidwa pa phiri la Mulanje anafalikira mpaka kulimbirana malo ndi mkungudza.

Pretoria yemweyo lero ali patsogolo pa sayansi ya mitengo. Mu 2014 gulu la akatswiri a maiko ambiri, lotsogozedwa ndi Zander Myburg wa pa University of Pretoria, linafalitsa mu magazini ya Nature dongosolo lonse la DNA ya bulugamu wotchedwa Eucalyptus grandis. Kuwerenga chibadwa cha mtengo kumasiyana ndi kuchisintha, komabe wochiwerenga wapeza njira yochisinthira. China inayamba kudzala mitengo ya poplar yosinthidwa chibadwa mu 2002, ndipo mu 2015 Brazil inaloleza bulugamu wa kampani ya FuturaGene, wokonzedwa kuti azikula msanga. Ochirikiza ntchitoyi amati matabwa ndi mapepala zidzachuluka pa malo ochepa, ndipo nkhalango zachilengedwe zidzapuma. Mfundoyi si yopepuka.

Koma mtengo si chimanga. Pa njala ya 2002 Zambia inakana chimanga chosinthidwa chibadwa, pamene Malawi anachilandira atalamula kuti chiyambe chagayidwa kuti chisadzalidwe. Chigayo chinathetsa mlandu. Nkhalango siingapite kuchigayo. Mtengo umakhala zaka makumi angapo, mungu wake umatengedwa ndi njuchi kapena mphepo osalabadira malire a munda, ndipo bulugamu akadulidwa amaphukiranso pachitsa. Ngati bulugamu wamba anaphwetsa mitsinje, tiyenera kufunsa kuti wokula msanga adzamwa madzi a yani. N'chifukwa chake maiko atakumana ku Bonn mu 2008 pa pangano la zamoyo zosiyanasiyana anagwirizana kuti mitengo yotere isatulutsidwe kunja isanayesedwe mokwanira pamalo otetezedwa.

Palinso funso la chilungamo. South Africa ili ndi lamulo la 1997 loyang'anira zamoyo zosinthidwa chibadwa, koma lamulo limafunsa anthu amoyo okha. Phindu la wattle analidya eni minda. Nkhwangwa yomudulira inagwera zidzukulu za anthu amene sanafunsidwe. Jakaranda anatenga zaka zoposa 100 kuti aweruzidwe, pamene kafukufuku woyesa mtengo watsopano amatenga zaka zowerengeka. Wopereka chilolezo lero adziwe kuti akusainira m'malo mwa mayi amene adzatunga madzi kumunsi kwa mtsinje iye atamwalira kalekale.