Kuchepetsa kuyeza kosafunika ku labotale

Iyi ndi ndondomeko imene zipatala zimatsata kuti magazi, mkodzo kapena makhololo aziyezedwa pokhapokha ngati zotsatira zake zithandize dokotala kusankha chochita. Kuyeza kulikonse kumadya mankhwala a mu labotale ndi nthawi ya ogwira ntchito, ndipo wodwala wogonekedwa amene akumutenga magazi m'mawa uliwonse amatha kuyamba kuchepa magazi.

Chitsanzo chabwino ndi HbA1c, yoyezera shuga amene wamamatira m'maselo ofiira a magazi. Maselo ofiira a magazi amakhala masiku pafupifupi 120, choncho kuyezanso patangotha sabata ziwiri n'kutaya ndalama chabe. Zipatala zina zinakonza makompyuta awo kuti azikana pempho lotere nthawi yake isanakwane. Ku United States, bungwe la ABIM Foundation linayambitsa kampeni ya Choosing Wisely mu 2012, yolimbikitsa dokotala ndi wodwala kukambirana kaye asanayeze.