Anali kumutcha Ngozi

Dzina limene makolo anamupatsa linali Paul Dobson Nyirongo, wobadwa mu 1949. Koma funsani amalume anu kapena agogo amene anakulira mu Lusaka zaka za m'ma 1970, palibe amene adzakutchulirani dzina limenelo. Onse amamudziwa kuti Paul Ngozi, ndipo gulu lake linali Ngozi Family. Ngozi ndi liwu limene ife a pa wailesi timatchula ndi mawu otsika, tikamawerenga za basi imene yagubuduka pa Great East Road. Munthu uyu analinyamula ngati dzina la pa ntchito mpaka kumanda.

Akuluakulu akamasimba za iye amathamangira nkhani ya mano. N'zoona, anali kuliza gitala ndi mano, monga mmene Jimi Hendrix anali kuchitira ku America, ndipo anthu anali kukuwa. Koma ife tikuona kuti ngozi yeniyeni sinali pamenepo. Mano pa waya ndi chionetsero chabe, ukachiphunzira umachibwereza Loweruka lililonse. Chimene chinafuna mtima wolimba chinali china, ndipo kuti tichione bwino tiyenera kuyamba ndi mmene woimba wa nthawi imeneyo anali kupezera nsima.

Dziko litangolandira ufulu mu 1964, ndalama za mkuwa zinali kuyenda. M'matauni a ku Kopala migodi inali ndi maholo ndi makalabu ake, mu Lusaka munali mahotela, ndipo malo onsewa anali kufuna magulu oimba. Ntchito inali yodziwika: mvetsera chimbale cha Beatles, cha Rolling Stones kapena cha James Brown, uphunzire nyimbo iliyonse mmene ilili, uimbe osasintha kanthu. James Brown mwiniwake anabwera kudzaimba mu Zambia mu 1970, ndipo pambuyo pake anyamata ambiri anayamba kuvina ndi kukuwa ngati iye. Wokopera bwino anali ndi malo ake otsimikizika. Mwini hotela amadziwa chimene akugula, omvera amadziwa chimene akuvinira, mwezi ukatha kanthu kamalowa m'thumba.

Kupeka nyimbo yako kunali kusiya zonsezi. Palibe amene anaitanitsa nyimboyo. Malo ojambulira anali owerengeka, monga situdiyo ya Malachite ku Chingola ndi dB mu Lusaka, ndipo magulu oyambirira anachita kutumiza matepi awo ku Nairobi kuti akasindikizidwe pa zimbale. Gitala, zokuzira mawu, ngakhale waya womwe, zonse zinali kuchokera kunja, m'dziko lopanda gombe limene njira yake ya kum'mwera inatsekedwa pamene Ian Smith anatseka malire a Rhodesia mu Januwale 1973. Anyamata a WITCH, amene anayambira ku Kitwe ndi woimba wawo Emmanuel Chanda, wodziwika kuti Jagari, anali kunyamula okha zimbale zawo zoyamba n'kumagulitsa kumene apita kukaimba. Rikki Ililonga ndi gulu la Musi-O-Tunya anachita kusamukira ku Nairobi komweko, kukakhala m'dziko la eni kuti apeze mpata wojambula. Paul anakhalako nawo m'gulu limeneli asanabwerere kudzayambitsa lake.

Atabwerera sanazengereze. M'zaka ziwiri chabe, 1976 ndi 1977, kunatuluka Day of Judgement, The Ghetto ndi 45,000 Volts, Chrissy Zebby Tembo ali pa ng'oma. Amene sanamvepo zimbalezi ayembekezere phokoso. Paul anali kukonda kachipangizo kopondedwa ndi phazi kotchedwa fuzz, kamene kamasasitsa mawu a gitala mpaka kumveka ngati lata likung'ambidwa. Pansi pa phokoso limenelo ng'oma zikuyenda mwa kuno kwathu. Kajambulidwe kake si kosalala ayi, pena mawu amakwera kuposa mmene makina akanathera kuwanyamula, ndipo zimenezo anazisiya momwemo.

Tsono mverani zimene anali kuimba. Sanaimbe za misewu ya London kapena atsikana a ku California amene sanawaonepo. Anaimba za m'komboni: kholo limene lamwera ndalama ya ufa, ana ongoyendayenda opanda wowayang'anira, miseche ya anthu oyandikana nyumba, mantha a munthu wosauka pamaso pa Mulungu. Zina anaimba m'Chingelezi chake chosapsatira, zina m'Chinyanja, ndipo sichinali Chinyanja cha m'buku la kusukulu koma cha pa msika ndi pa sitesheni ya basi, chimene aphunzitsi anali kuchiona ngati chilankhulo choonongeka. Masiku ano, pamene woimba aliyense wa mu Lusaka amasakaniza Chinyanja, Chibemba ndi Chingelezi mu vesi imodzi, n'kovuta kumva kulemera kwa chinthu chimenechi. Nthawi imeneyo gitala ya magetsi inali ya nyimbo za azungu, ndipo chilankhulo cha m'komboni malo ake anali ku shabini. Kuziika pamodzi kunali kudziika poyera kuti mbali zonse ziwiri zikuseke: ophunzira anene kuti ndiwe wa m'komboni, akuluakulu anene kuti wasokonezeka ndi za kunja.

Sanali yekha. Ku Kitwe gulu la Amanaz linatulutsa chimbale chotchedwa Africa mu 1975, chaka chomwecho chimene WITCH inatulutsa Lazy Bones!! Keith Mlevhu wa ku Chingola anali kulowa mu situdiyo n'kuliza yekha zida zonse, chimodzichimodzi, mpaka nyimbo itakwana. Ndipo tisaiwale kuti ngati mnyamata wa gitala anali kutchedwa chakolwa ndi wosakwatirika, mtsikana woimirira pa siteji usiku anali kutchedwa mayina oposa pamenepo. Violet Kafula anaimirirabe, ndi gulu la Crossbones. Nyimbo zonsezi ndizo lero dziko limazitcha Zamrock.

Pali mbali ina imene imatikhudza ife a pa wailesi, ndipo tiyenera kuinena mosakondera. Pakati pa zaka za m'ma 1970 a Kenneth Kaunda, amene nawonso anali kuliza gitala, analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za mu Zambia. Wailesi inali imodzi, ya boma, motero lamulo linagwira dziko lonse tsiku limodzi. Mwadzidzidzi oulutsa mawu anasowa choika, ndipo makampani monga Teal ndi Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo ku Ndola anayamba kusakasaka magulu. Ena amasimba nkhaniyi ngati kuti lamulo ndilo linabala Zamrock. Ife sitikuvomereza. Lamulo linatsegula chitseko, koma amene analowa anali aja amene anayamba kale kupeka zawo pamene kunalibe wogula. Wokopera Beatles lamuloli silinamuthandize kanthu. Komanso dzanja limene linatsegula chitseko linali la boma la chipani chimodzi, limene kuyambira mu Disembala 1972 silinali kulola wotsutsa. Woimba anali kudziwa kuti nyimbo yonena za njala ya m'komboni ili ndi malire amene sanalembedwe paliponse, ndipo kuwapeza kunali kwa iye mwini.

Apa pali funso limene timadzifunsa tikakhala pa maikolofoni. Lero palibe lamulo lotikakamiza kufika pa 95, ndipo nyimbo yachilendo m'makutu ikafika kuchokera kwa mnyamata wa ku Chongwe kapena wa ku Bauleni, dzanja limathamangira ku ija imene tikudziwa kuti omvera aikonda kale. Nafenso tili ndi hotela yathu imene timaopa kuitaya. Achinyamata amene mukujambula pa laputopu m'chipinda chogona mukudziwa mbali yanu ya nkhani yomweyi: biti ya amapiano kapena ya ku Lagos ndiyo Beatles ya masiku ano, ndipo woikopera bwino sagona ndi njala msanga.

Tibwerere ku mbiri, chifukwa chimene chinatsatira sichikoma. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo dziko limene pafupifupi ndalama zake zonse zakunja zinali kuchokera ku mkuwa linayamba kufola pa mzere wa sopo, mafuta ophikira ndi ufa. Munthu amene wafola m'mawa wonse kuti apeze ufa sagula chimbale madzulo. Kenaka nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inalowa m'dziko. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo pa kuukira kwa masiku omwewo ku Mkushi kunafa Alick Nkhata, woimba ndi muulutsi amene mawu ake anali m'nyumba za anthu kuyambira nthawi ya wailesi ya atsamunda. Mu Epulo 1979 asilikali a Smith analowa mu Lusaka mwenimweni n'kugumula nyumba imene Joshua Nkomo anali kukhalamo. Mu Novembala chaka chomwecho anaphulitsa milatho ingapo, umodzi mwa iyo wa pa mtsinje wa Chongwe, m'boma lathu lino, osati kutali ndi kuno ku Palabana. Msewu wopita kum'mawa unaduka.

Ganizirani zimenezi ndi maso a gulu loimba. Ndalama ya woimba ili usiku ndi pa msewu. Boma linaika lamulo loletsa kuyenda usiku ndi lozimitsa magetsi, motero usiku unatha. Gulu linatsala ndi kuimba masana, pamene anthu ali ku ntchito kapena pa mzere, kapena kutsekeredwa m'holo ndi omvera mpaka kucha. Pa msewu panali zotchinga za asilikali, ndipo galimoto yodzaza mabokosi ndi mawaya, yokwera anyamata a tsitsi lalitali ndi nsapato zazitali, sinali kudutsa mwachangu. Pamwamba pa izi kunabwera disko. Mwini bala anaona kuti munthu mmodzi wokhala ndi zimbale ndi wotchipa kuposa anyamata asanu ofuna chakudya ndi pogona. WITCH inayesa kutsatira mphepo, n'kutulutsa zimbale za disko, Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984. Makaseti okopera mwakuba anadya kagawo kamene kanatsala, ndipo mitima ya anthu inatembenukira ku kalindula wa a PK Chishala, Amayenge ndi anzawo.

Chotsiriza chinali matenda. Edzi inalowa m'badwo umenewu ngati moto wa m'tchire la mu Okutobala, ndipo oimba, anthu a usiku ndi a maulendo, anagwa ambiri. Mwa anyamata amene anajambula Lazy Bones!! anatsala ndi Jagari yekha. Iye anakhala mphunzitsi wa nyimbo, pambuyo pake n'kukathera m'maenje, kukumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja. Munthu amene anali kudzaza maholo anagwira fosholo zaka zambiri. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40.

Timamva anthu akulimbikitsa achinyamata kuti tsatira luso lako, usaope, zidzakuyendera. Mbiri iyi siikunena zimenezo. Ambiri mwa anthu awa zinthu sizinawayendere. Analibe penshoni, analibe inshuwalansi, ndipo chitetezo cha umwini wa nyimbo chinali chofooka moti nyimbo inali kuyenda dziko lonse mwini wake akuyenda pansi. Amene anakana gitala n'kulowa ntchito ya mu ofesi mwina anafera m'nyumba yabwinoko. Tikanena kuti Paul ndi anzake anali olimba mtima, tikutanthauza kuti mtengo anali kuuona ndi maso, chifukwa unali kulipiridwa pamaso pawo mwezi ndi mwezi, ndipo anapitiriza kujambula.

Zimbale zija zinagona zaka zambiri m'makabati ndi pansi pa mabedi, zina ana n'kumaseweretsa ngati mawilo. Amene anayamba kuzifunafuna anali osonkhanitsa zimbale zakale a ku Ulaya ndi ku America, ndipo zoyambirira zenizeni lero zimagulidwa pa mitengo imene eni ake sanaigwirepo m'manja. Kuyambira cha mu 2010 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kuzisindikizanso, mogwirizana ndi Rikki Ililonga ndi Jagari. Mu 2019 kunatuluka filimu ya Gio Arlotta yonena za WITCH, Jagari anabwerera pa siteji ali ndi imvi, ndipo mu 2023 gululo linatulutsa Zango, chimbale chatsopano chojambulidwa mu dB momwe muja. Sampa the Great, mwana wa kuno, anaika ulemu wa Zamrock m'chimbale chake cha 2022. Zimatiwawa pang'ono kuvomereza kuti ambiri a ife tinayamba kumvetsera agogo athu titamva kuti alendo awayamikira.

Mu Okutobala 2024 Tyler, the Creator anatulutsa nyimbo yotchedwa Noid. Pakati pake pamamveka mawu otengedwa mu Nizakupanga Ngozi, ya pa 45,000 Volts. Panali patapita zaka 47 chijambulireni nyimboyo ndi zaka 35 chimwalirireni mwini wake. Achinyamata ambiri a kunja anathamangira pa intaneti kufunsa kuti chilankhulo chimenechi n'chiti ndipo munthuyu akuti chiyani. Ku Matero, ku Chawama ndi kuno ku Palabana palibe amene anafuna womasulira. Chinali Chinyanja chija cha pa sitesheni ya basi.