Masabata otsiriza a wophunzira ku Britain: zofunika kudziwa

Chaka chilichonse Amalawi ena amapita kukachita digiri yachiwiri m'sukulu za ukachenjede za ku Britain, ena podzilipirira, ena kudzera m'thandizo la Chevening kapena la Commonwealth. Zambiri zimakambidwa za kafunsiridwe ka mwayiwu ndi kanyamukidwe, koma masabata otsiriza sakambidwa kawirikawiri, chikhalirecho ndi nthawi imene wophunzira angataye ndalama, digiri ngakhale mwayi wodzalowanso m'dzikolo.

Kalendala ya chaka

Digiri yachiwiri ku Britain imatenga miyezi 12. Maphunziro amayamba mu Sepitembala kapena Okutobala, ndipo miyezi yoyambirira imathera m'kalasi ndi m'mayeso. Kuyambira cha mu Juni wophunzira amatsala ndi lipoti la kafukufuku lomwe amalitcha dissertation, lomwe m'sukulu zambiri limaperekedwa kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Sepitembala. M'sukulu zambiri lipotili limanyamula gawo limodzi mwa magawo atatu a digiri yonse, ndipo kutalika kwake kumafika mawu 10,000 mpaka 15,000, kwina kupitirira apo. Kawirikawiri wopeza mamalikisi 50 pa 100 wakhoza, wopeza 60 wakhoza bwino, pomwe wopeza 70 wakhoza mwapamwamba.

Chimene chimasautsa ambiri n'chakuti nyengo imeneyi ndi ya tchuthi kwa aphunzitsi. Woyang'anira kafukufuku atha kuchokapo masabata angapo, choncho wophunzira wanzeru amapangana naye msanga za tsiku lomaliza lowerengera zolembazo. Kupereka lipoti mochedwa kumadulitsa mamalikisi, pokhapokha ngati wophunzira adapempheratu chilolezo pa zifukwa zomveka monga matenda kapena maliro, ndipo wapereka umboni. Sukulu zambiri zimadutsitsa lipotilo m'makina monga Turnitin ofufuza ngati wina wakopera ntchito ya mnzake, ndipo wopezeka wolakwa atha kulandira chilango chofika pa kumanidwa digiri.

Zotsatira sizituluka nthawi yomweyo. Lipoti limachongedwa ndi aphunzitsi a pasukulupo, kenaka komiti ya mayeso, yomwe imakhalanso ndi katswiri wochokera kusukulu ina, imatsimikiza mamalikisi cha mu Okutobala kapena Novembala. Mwambo wolandira digiri umachitika pambuyo pake, nthawi zambiri ophunzira a kunja atabwerera kale kwawo. Pa chifukwa ichi, wophunzira asadanyamuke ayenera kusiya kusukulu adiresi yodalirika yotumizirako satifiketi, kusunga makalata onse ofunika pamalo ena popeza imelo ya sukulu imatsekedwa, komanso kuonetsetsa kuti alibe ngongole ya fizi, yomwe itha kuchititsa sukulu kugwira satifiketiyo.

Visa ndi pangano lobwerera

Malamulo a ku Britain amawonjezera miyezi inayi pa visa ya wophunzira amene maphunziro ake ndi a miyezi 12 kapena kupitirira, ndi miyezi iwiri kwa amene maphunziro ake ndi a pakati pa miyezi isanu ndi umodzi ndi 12. Makadi a visa omwe ankaperekedwa kale adatha ntchito pa 31 Disembala 2024, ndipo tsopano tsiku lothera visa limaoneka pa intaneti. Kukhala m'dzikolo visa itatha ndi mlandu, ndipo wopitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi kapena kuposera apo.

Mu Julayi 2021 boma la Britain lidatsegula visa ya Graduate, yolola omaliza maphunziro kutsalira ndi kugwira ntchito. Koma khomo limeneli si la aliyense. Amene adaphunzira ndi ndalama za boma kapena za bungwe lopereka thandizo la maphunziro amafunika chilolezo cha wowalipirirayo. Thandizo la Chevening, lomwe lidayamba mu 1983 ndipo limayendetsedwa ndi ndalama za unduna woona za ubale wa Britain ndi maiko ena, limamanga wolandira pa pangano lobwerera kwawo ndi kukhalako zaka zosachepera ziwiri. La Commonwealth, lomwe lidayamba mu 1959, nalonso limafuna kuti wophunzira abwerere kukatukula dziko lake.

Nyumba, msonkho ndi banki

Ndalama zambiri zimatayika pa nkhani ya nyumba. Ku England, chikole chomwe mwini nyumba amatenga pa lendi wamba sichiyenera kupitirira lendi ya masabata asanu, ndipo lamulo limamukakamiza kuchisungitsa ku bungwe lovomerezeka ndi boma pasadathe masiku 30. Awiriwo akagwirizana za kuchuluka kwa ndalama zobweza, ziyenera kubwezedwa m'masiku 10. Mwini nyumba amaloledwa kudula pa zowonongeka ndi pa uve, n'chifukwa chake ochenjera amakolopa nyumba bwinobwino, kuijambula zithunzi ndi kulemba manambala a mita ya magetsi ndi gasi pa tsiku lotuluka. Akakanika kumvana, bungwe losunga chikolelo limaweruza mosalipiritsa.

Msampha wina ndi msonkho wa khonsolo. Wophunzira salipira msonkhowu, koma ufuluwo umatha pa tsiku lomwe sukulu idalemba kuti maphunziro atha, osati pa tsiku lothera visa. Wokhalabe m'nyumba ya lendi kupitirira tsikulo atha kulandira bilu yomwe sadaiyembekeze.

Pa za ganyu, visa imalola maola 20 okha pa sabata m'nyengo ya sukulu, ndipo sukulu zambiri zimawerenga miyezi yolemba dissertation ngati nyengo ya sukulu. Amene adagwirapo ntchito alandire fomu ya P45 kwa abwana ake, ndipo ngati adadulidwa msonkho wopitirira muyeso atha kuitanitsa ndalama zake kudzera pa fomu ya P85. Akaunti ya kubanki isatsekedwe chikole ndi ndalama zotere zisadalowe.

Ulendo ndi pofika

Palibe ndege yochoka ku Britain kulunjika ku Malawi osaima panjira. Ambiri amadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg asadatere ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndipo tikiti wamba nthawi zambiri imalola zikwama ziwiri za makilogalamu 23 chilichonse. Katundu wa chaka chonse sakwana m'menemo, choncho zovala za m'chisanu ndi ziwiya ambiri amasiyira anzawo obwera kumene. Wofuna kutumiza katundu pa sitima ya pamadzi afunse kaye bungwe lotolera misonkho la MRA za malamulo okhudza obwerera kumudzi, kuopa kuti katundu angagwidwe podikira msonkho.

Pofika, digiri ya kunja imafunika kuunikidwa ndi bungwe la National Council for Higher Education, lomwe limatsimikiza kuti ikufanana ndi iti ya kuno. Madotolo, anamwino ndi azamba amayeneranso kudzera ku makhonsolo oyang'anira ntchito zawo.

Za mumtima

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wophunzira amatsanzikana ndi anzake a maiko osiyanasiyana pa nthawi imene ali wotopa ndi zolemba, kwinaku abale akutumiza mndandanda wa mphatso zomwe thumba lake silingakwanitse. Mu 1955 katswiri wa ku Norway, Sverre Lysgaard, adafotokoza momwe wophunzira wopita kunja amayambira ndi chimwemwe, n'kugwa mphwayi, kenaka n'kuzolowera. Mu 1963 John ndi Jeanne Gullahorn adaonetsa kuti zomwezo zimabwerezeka munthu akabwerera kwawo. Wobwerayo amapeza mitengo ya zinthu itakwera, kuntchito anzake atasuntha, ndipo omufunsa za ulendo amatopa msanga ndi nkhani zake.

Chothandiza ndi kuyamba kukonzekera akadali komweko: kulembera abwana za tsiku lobwerera pantchito kapena kuyamba kufunsira ina, kupempha makalata a umboni kwa aphunzitsi akadamukumbukira bwino, kulumikizana ndi amene adabwerako kale, komanso kupatula ndalama zodyera miyezi yoyamba asadagule mphatso ya wina aliyense.