Aneni a Chingerezi Okhala ndi Mchira, ndi Mmene Anafikira kwa Champiti

Chaka chatha, pamene ndinali kuyendera ophunzira athu amene anali kuyesera ntchito ya uphunzitsi m'dziko la Mfumu Champiti, m'boma la Ntcheu, ndinatsegula kope la mnyamata wina wa Sitandade 7. Iye analemba motere: "My father entered the bus at Balaka and dropped at Ntcheu." Mphunzitsi anadula chiganizo chonsecho ndi cholembera chofiira, nalemba pansi pake kuti mwanayo ndi waulesi. Ine sindinavomereze chiweruzo chimenecho, pakuti mwanayo analemba monga chinenero cha amake chinamutsogolera. Kuti timvetse kulakwa kwake, tiyenera kuona poyamba mmene zinenero ziwirizi zimanenera za ulendo, kenaka titsate mbiri yake.

M'Chichewa mneni amasenza yekha njira ya ulendo. Tikati kulowa, kutuluka, kukwera, kutsika, kuwoloka kapena kubwerera, liwu limodzilo latiuza kale kumene munthu walunjika. Angoni a Maseko, amene anakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, ndipo Champiti ali mmodzi wa mafumu awo, anadza ndi chinenero cha khalidwe lomweli: "ngena" ndiko kulowa, "phuma" ndiko kutuluka. Chotero pamene zidzukulu zawo zinasiya Chingoni ndi kutenga Chichewa, zinasintha mawu okha. Koma Chingerezi cha masiku onse sichitero. Mneni wake, monga "go", "come", "get" kapena "run", amangonena kuti munthu wasuntha, pena ndi mmene wasunthira. Njira imanenedwa ndi kamawu kotsatira pambuyo, monga "in", "out", "up", "down", "off", "back" ndi "across". Kamawu kameneka ine m'kalasi ndimakatcha mchira. Katswiri wa zinenero Leonard Talmy anagawa zinenero m'magulu awiri potsata kusiyana komweku.

Tsono kale kamawuka kanali kukhala kumutu. M'Chingerezi cha masiku a Mfumu Alfred, amene anamwalira m'chaka cha 899, kulowa kunali "ingan" ndipo kutuluka kunali "utgan". M'zaka mazana otsatira timawuti tinazolowera kukhala pambuyo pa mneni, kotero kuti anthu anayamba kunena "go in" ndi "go out". Zotsala za dongosolo lakalelo tizipezabe m'mawu monga "overcome" ndi "undergo". M'chaka cha 1066 Anormani a William anagonjetsa England, ndipo Chifalansa chinakhala chinenero cha kunyumba ya mfumu ndi cha pabwalo la milandu. M'menemo munachokera "enter", "descend", "return", "arrive" ndi "depart", aneni osenza okha njira monga athu. Kuyambira pamenepo Mngerezi ali ndi nkhokwe ziwiri: ina amatapamo polankhula ndi a pabanja pake, ina polemba kalata ya ku boma.

Vuto limene nkhokwe yoyambayo imapatsa alendo linadziwika kale. Samuel Johnson, m'mawu oyamba a buku lake lomasulira mawu la 1755, anachenjeza kuti aneni otere amasautsa kwambiri anthu a mitundu ina, chifukwa tanthauzo la mawu awiriwo akaphatikizana limapita kutali ndi la liwu lililonse palokha. Dzina loti "phrasal verb" linafala ndi buku la Logan Pearsall Smith la 1925.

Nanga nkhokwe ziwirizi zinafika bwanji ku Ntcheu? Monga ndionera ine, zinadzera njira ziwiri zosakumana. Yoyamba inali ya amishoni: a Zambezi Industrial Mission ku Dombole ndi a Baptist Industrial Mission ku Gowa m'zaka za m'ma 1890, ndi ansembe a Montfort amene anafika ku Nzama m'chaka cha 1901. M'masukulu a m'midzi anali kuphunzitsa m'Chinyanja, monga chinenero chathu chinali kutchedwa m'mabuku kufikira 1968, ndipo owerengeka amene anapitirira anachipeza Chingerezi m'mabuku ndi m'makalata. Amenewa ndiwo anasanduka alembi a pa boma, olemba "I proceeded to the village and returned". Sanavutike nawo mawu otere, popeza liwu limodzi la Chingerezi linali kugwa bwino pa liwu limodzi la kwawo.

Njira yachiwiri inali ya malamulo ofuula. Kuchokera m'chaka cha 1896, pamene asilikali a boma la Angerezi anapha Inkosi Gomani woyamba, amuna a dziko lino analowa usilikali, amtengatenga, ntchito za m'minda ya Azungu ndi za m'migodi ya ku Johannesburg. Kumeneko anamva "fall in", "get out", "hurry up" ndi "come on", koma anazimva ngati liwu limodzi lokalipa, osadziwa kuti muli mneni ndi mchira wake. Ambiri amakhulupirira kuti kufola kwathu kunachokera ku "fall in", monganso "foleni" ya Chiswahili. Chimene sichinafike konse ndicho Chingerezi cha pakati, chija mayi amauza nacho mwana kuti atsike mumtengo, alowe m'nyumba. Chinenero chotere munthu amachitola kwa mnansi wokhala naye pakhonde, ndipo Angerezi a masiku amenewo sanali kukhala pakhonde ndi anthu a kwa Champiti.

Cholowa cha mbiri imeneyi mudzachipeza m'makope a ana anu. "Entered" wa mnyamata uja sanalakwe malamulo, anangotapa m'nkhokwe ya kalata; Mngerezi akanati "got on". Koma "dropped" ndiye kutsika kwathu kovala malaya a eni, ndipo mwini chinenero angaganize kuti bamboyo anagwa. Pofunika "got off". Mudzamvanso "I will pick you", mchira "up" utaduka chifukwa kutenga kwathu sikufuna wothandiza, ndiponso "I am coming" kuchokera kwa munthu amene akuchoka, ndiye ndikubwera wathu, pamene Mngerezi akanati "I will come back". Zina zilibe chifukwa chomveka, nzongoloweza: basi ndi sitima timati "get on", galimoto laling'ono "get in", ndipo mlowam'malo amakhala pakati, "pick him up", osati pambuyo pa mchira.

Wophunzira wanga uja ndinamukumbutsa kuti nafenso tili ndi timawu totembenuza ulendo. Mwana aliyense amadziwa kusiyana kwa kukatenga ndi kudzatenga, ndiponso kwa chokapo ndi chokamo, ngakhale palibe anamuphunzitsa. Tinayambira pamenepo. Tinatulutsa ana pabwalo, benchi linakhala basi, ngalande ya madzi a mvula inakhala mtsinje. Mwana ayambe wanena mneni wa Chichewa, achite chimene wanenacho, ndipo pomaliza anene mawu awiri a Chingerezi pamodzi, osawalekanitsa. Nditabwerako patapita milungu iwiri ndinapempha kope lomwe lija. Munali molembedwa kuti: "My father got off at Ntcheu and my brother picked him." Mchira wachiwiriwo unali usanamere.